Anamanga Ndani? Kuunika Mabuku a Zithunzi za Zomangamanga Poyang'ana Tauni ya Kafue

1.0 Mawu Oyamba

Buku la zithunzi limaoneka ngati buku lopanda chiyankhulo. Munthu wa ku Zurich ndi munthu wa ku Kafue akhoza kulitsegula pa tsamba limodzi, onse awiri n'kuona khoma lomwelo, zenera lomwelo ndi mthunzi womwewo. Mwina n'chifukwa chake ife a ziyankhulo za mu Africa takhala tikuwasiyira mabuku otere akatswiri a zomangamanga ndi a zaluso. Nkhani ino ikutsutsa maganizo amenewa. Mfundo yake ndi yakuti mawu ochepa olembedwa m'munsi mwa chithunzi ndiwo amatsogolera diso, pakuti amauza wowerenga amene ayenera kumukumbukira ndi amene angathe kumuiwala. Tiyamba ndi kuunika mabuku atatu odziwika, kenaka tiyesa njira yawo pa tauni ya Kafue, pogwiritsa ntchito misintho ya mneni ndi mayina osonyeza malo m'Chinyanja.

2.0 Mabuku Atatu

Buku loyamba ndi African Modernism: The Architecture of Independence, limene Manuel Herz anakonza pamodzi ndi anzake atatu, ndipo linasindikizidwa ndi Park Books ku Zurich mu 2015. Lili ndi masamba 640 ndipo limaonetsa nyumba zimene zinamangidwa pa nyengo ya ufulu ku Ghana, Senegal, Côte d'Ivoire, Kenya ndi Zambia. Ojambula ake ndi Iwan Baan ndi Alexia Webster. Bukuli liyenera kuyamikidwa pa zinthu ziwiri. Choyamba, linaika Zambia pa mndandanda wa maiko amene zomanga zawo ziyenera kuphunziridwa, ndipo nyumba za University of Zambia, zimene mapulani ake analemba Julian Elliott, zinapatsidwa ulemu woyenera. Chachiwiri, Baan sadikira kuti anthu achoke asanajambule monga unalili mwambo wakale wa ojambula nyumba: m'zithunzi zake anthu amayenda, amagulitsa malonda, amakhala pamthunzi.

Buku lachiwiri ndi Sub-Saharan Africa: Architectural Guide, la DOM publishers ku Berlin, limene Philipp Meuser ndi Adil Dalbai anakonza mu 2021. Lili m'magawo 7, ndipo limafotokoza nyumba 850 za m'maiko 49. Mphamvu yake ili pa kuchuluka kwa zimene linasonkhanitsa ndi kwa alembi amene anathandizapo.

Lachitatu ndi la David Goldblatt, South Africa: The Structure of Things Then, la 1998. Goldblatt anajambula matchalitchi, zikumbutso, masitolo ndi zisakasa za anthu osamutsidwa mokakamiza, ndipo pa zithunzi zake anawonjezera mafotokozedwe aatali onena za mbiri ya malowo ndi ya anthu ake. Iye anazindikira kuti chithunzi cha khoma sichinena chokha amene anathamangitsidwa kuti khomalo liime.

Mabuku onsewa analembedwa m'Chingerezi. Komanso mwambo wa mabuku a zomangamanga ndi wakuti mawu a m'munsi mwa chithunzi amatchula zinthu zinayi: dzina la nyumba, mzinda, katswiri wa mapulani ndi chaka. Goldblatt anapyola malire a mwambowu, koma mwambo womwewo udakali ndi mphamvu. Funso lathu ndi lakuti: kodi zinthu zinayizi zingakwanire kufotokoza tauni ngati Kafue?

3.0 Kafue: Tauni Yolembedwa Papepala

Kafue ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, m'mphepete mwa mtsinje wa dzina lomwelo. Chomanga chake chakale chodziwika kwambiri ndi mlatho wa njanji wa 1906, wa zigawo 13 zachitsulo, wotalika mamita 427. Koma tauni imene tikuidziwa lero inakula pambuyo pa ufulu wa 1964. Boma la Ian Smith litalengeza ufulu wake wosavomerezeka ku Rhodesia mu 1965, Zambia inaona kuopsa kodalira katundu wochokera kumwera, ndipo inaganiza zodzipangira nsalu ndi feteleza. Bungwe la boma la INDECO linakhazikitsa fakitale ya Kafue Textiles ndi ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba ntchito mu 1970. Antchito anafunika nyumba, motero kampani ya Mgiriki Constantinos Doxiadis, yomwe inalembanso mapulani a Islamabad ku Pakistan ndi Tema ku Ghana, inalemba pulani ya tauni yatsopano chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Dera lotchedwa Estates ndilo chipatso cha pulaniyo.

Njira ya Doxiadis inali yogawa tauni m'timidzi tating'ono tolumikizana kukhala midzi yokulirapo, uliwonse ndi zofunika zake monga sukulu ndi msika, ndiponso kulekanitsa njira za oyenda pansi ndi misewu ya galimoto. Apa pakuoneka vuto loyamba la mwambo wa mabuku aja. Iwo amayenda nyumba imodzi imodzi, kufunafuna nsanja kapena holo yochititsa kaso. Kufunika kwa Kafue kuli m'mizere ya nyumba zofanana, m'mipata ya pakati pa nyumbazo, ndi m'zimene zinachitika pambuyo pake. Kuyambira 1996 boma la Frederick Chiluba linagulitsa nyumba zambiri za boma ndi za makhonsolo kwa okhalamo, ndipo m'matauni a Zambia eni atsopano anayamba kumanga mipanda, kuwonjezera zipinda ndi kutsegula timasitolo pakhomo. Kafue Textiles inaleka kuluka nsalu m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. Amene angajambule Estates lero n'kulemba m'munsi dzina la Doxiadis lokha ndi chaka chimodzi, ndiye kuti wafafaniza zaka zoposa 50 za ntchito ya manja a anthu ena.

4.0 Umboni wa Mneni

Chingerezi chimalola wolemba kuika kamawu kamodzi pakati pa dzina la nyumba ndi dzina la katswiri, popanda mneni aliyense. Kamawuko sikanena ngati munthuyo analemba pulani, anapereka ndalama kapena ananyamula njerwa. Womasulira m'Chinyanja alibe pobisala potere, chifukwa ayenera kusankha mneni ndi msintho wake. Taonani ziganizo izi:

(1) a. Amisiri anamanga nyumba za ku Estates.
b. INDECO inamangitsa nyumba za ku Estates.
c. INDECO inamangira antchito nyumba.
d. Nyumba za ku Estates zinamangidwa.
e. Anthu a ku Zambia Compound anadzimangira nyumba.

Muzu wa mneni ndi umodzi, -mang-, koma chiganizo chilichonse chikutchula munthu wosiyana. Mu (1a) mwininkhani ndi wogwira chipande cha simenti. Mu (1b) msintho wochititsa ukuonetsa wolamula ndi wolipira. Mu (1c) msintho womchitira ukukakamiza wolemba kutchula wopindula, ndipo pomwepo pakubuka funso la amene sanapindule. Yankho lake lili mu (1e), m'mene -dzi- pamodzi ndi msintho womchitira zikusonyeza kuti womanga ndi wopindula ndi munthu mmodzi: awa ndi anthu a m'makomboni amene pulani sinawawerengere. Chiganizo (1d) chokha ndicho chikufanana ndi mwambo wa mabuku, pakuti msintho wochitidwa umalola kuti wochita asatchulidwe. Tionenso kuti Doxiadis sakupezeka pa ziganizo zisanuzi. Mnyanja sanganene kuti iye anamanga Estates. Anganene kuti kampani yake inalemba kapena inajambula pulani. Chiyankhulo chikumuika pamalo pake, olemekezeka ndithu, koma amodzi mwa malo ambiri.

Zomwezi tingaziyese pa mlatho wa 1906. Mabuku a mbiri ya njanji amatchula kampani ya Pauling. M'Chinyanja tingafunse kuti: kodi kampaniyo inamanga kapena inamangitsa? Funsoli likangofunsidwa, antchito achikuda amene anakoka zitsulo pamtsinjepo abwerera m'chithunzi, ngakhale mayina awo sanasungidwe m'mawu a m'munsi.

Mneni wachiwiri ndi -jambul-, amene amatanthauza kulemba chithunzi ndi dzanja, kutola chithunzi ndi kamera, ngakhalenso kutenga mawu ndi makina. M'Chinyanja cha ku Lusaka ndi Kafue mumamvekanso kukopa, lochokera ku Chingerezi. Chofunika kwa ife ndi kusiyana uku:

(2) a. Mayi anajambulidwa pamsika.
b. Mayi anakajambulitsa ku situdiyo.

Mu (2a) mayi sanachite kanthu. Mwina sanadziwe n'komwe. Mu (2b) iye anasankha tsiku, anasankha chitenje, analipira, ndipo chithunzicho ndi chake. Anthu a m'mabuku a zomangamanga, ngakhale a m'zithunzi zokongola za Baan, ndi ojambulidwa. Amapereka moyo kwa nyumba ndi kusonyeza kutalika kwa khoma, koma mawu a m'munsi amanena za nyumbayo. Zithunzi za ojambulitsa zili kwina: m'maalubamu a mabanja, m'masutikesi, pa makoma a m'zipinda zochezera. Ntchito ya Zambia Belonging, imene Sana Ginwalla anayambitsa ndi zithunzi zomwe eni ake sanabwere kudzatenga ku Fine Art Studios mu Lusaka, yasonyeza kulemera kwa nkhokwe yotere. Buku loona la Kafue liyenera kuika zithunzi za mitundu iwiriyi pa masamba oyang'anana.

Ndi bwino kukumbukiranso kuti dzina lakuti chithunzi lili ndi tsinde limodzi ndi mthunzi ndi chithunzithunzi. Tsinde -thunzi likutiuza kuti chithunzi chili ndi mwini wake, monga mthunzi uli ndi mtengo wake. Wolemba amene aganiza m'Chinyanja savutika kufunsa kuti: ichi ndi chithunzi cha yani?

5.0 Malo ndi Mayina

Magulu a mayina osonyeza malo, a Pa-, Ku- ndi Mu-, amakakamizanso wolemba kunena pamene waima. Kunyumba ndi mawu a munthu amene ali patali, panyumba ndi a munthu amene wafika pabwalo, pamene m'nyumba ndi a munthu amene walandiridwa. Pulani ya katswiri imaona tauni kuchokera kumwamba, ndipo zithunzi zojambulidwa m'ndege zimatsata diso lomwelo. Diso limeneli limaona bwino mizere ndi misewu, koma silidziwa pakhomo, mawu amene m'Chinyanja satanthauza chitseko chokha, koma banja lonse ndi khalidwe lake. Tikanena kuti pakhomo paja pali ulemu, sitikunena za matabwa. Moyo wambiri wa m'nyumba za antchito umachitikira panja: pa mbaula, pa chingwe choyanikira zovala, pa dimba la ndiwo kuseri. Chingerezi cha m'mabuku chimatcha malo otere mpata wotsala. Kwa okhalamo ndiwo mtima wa nyumba.

Mayina a malo nawonso ali ndi zigawo ngati nthaka. Madera a ku Estates amadziwika ndi lemba ndi nambala, monga C5 ndi C7, zimene zikukumbutsa madera a Tema omwe amatchulidwanso ndi manambala. Pafupi ndi mayina a papepalawa pali Shikoswe, Nangongwe ndi Soloboni, ndiponso mawu awiri amene wa ku Zambia aliyense amawadziwa, komboni ndi mayadi, omwe anachokera ku Chingerezi cha atsamunda koma tsopano amanyamula mbiri yonse ya kusiyana kwa osauka ndi olemera. Ngakhale pa University of Zambia pomwe, ophunzira anapatsa nyumba zawo zogona zakale dzina lakuti Ruins, kutanthauza mabwinja. Dzina lotere ndi chiweruzo cha okhalamo pa luso la katswiri, ndipo buku limene silikulemba lataya theka la nkhani.

Tiyenera kuchenjera pa chinthu chimodzi. Chinyanja ndi chiyankhulo cha msika ndi sukulu ku Kafue, koma tauniyi ili pa malire a Asoli, Atonga ndi Agoba, ndipo mafakitale anakoka anthu a ziyankhulo zonse za Zambia. Kusinthanitsa Chingerezi ndi Chinyanja chokha kungabwerezenso cholakwa chomwe tikudandaula. Chimene tikupempha ndi chakuti dzina lililonse lilembedwe m'chiyankhulo cha amene analipereka.

6.0 Mawu Omaliza

Nkhani ino yasonyeza kuti mawu a m'munsi mwa chithunzi ndi gawo la ntchito ya katswiri wa chiyankhulo. Mabuku atatu amene taunika ndi amtengo wapatali, ndipo laibulale iliyonse ya sukulu ya ukachenjede iyenera kukhala nawo. Komabe mwambo wawo wotchula nyumba, mzinda, katswiri ndi chaka sungathe kunyamula tauni imene inalembedwa ku Athens, inamangitsidwa ndi boma, inamangidwa ndi amisiri, ndipo ikumangidwabe ndi okhalamo.

Kwa aphunzitsi a Chinyanja, phunziro lili pafupi. Misintho ya mneni imaphunzitsidwa kawirikawiri ndi ziganizo zopeka zimene ophunzira amaziloweza n'kuziiwala. Mphunzitsi wa ku Kafue akhoza kupatsa kalasi chithunzi cha msewu umodzi wa ku Estates ndi china cha ku Zambia Compound, n'kupempha ophunzira kulemba mawu a m'munsi atatu pa chithunzi chilichonse, ndi msintho wosiyana pa chiganizo chilichonse. Kuti alembe zoona, ophunzirawo adzafunika kukafunsa agogo awo amene anagwira ntchito pa makina oluka nsalu. Anthu amenewa akukalamba, ndipo mapepala a Doxiadis osungidwa ku Athens sanena za mayina awo. Madipatimenti a ziyankhulo, pamodzi ndi ojambula ndi osindikiza a m'dziko muno, ayambe kusonkhanitsa zithunzi ndi mawu amenewa eni ake adakali moyo.