Mapini 25 Kumbuyo kwa Kompyuta

Makina a CNC ogoba zitseko ndi zikwangwani amamvera kompyuta, ndipo ena otsika mtengo amaimvera kudzera pa parallel port, poti yotakata ija ya timabowo 25 yomwe inkalumikiza pulinta kuyambira pa kompyuta ya IBM ya mu 1981. Mapulinta anasamukira ku USB kalekale, koma amisiri sanaitaye potiyi, chifukwa ilibe mkhalapakati. Pulogalamu ikangolemba nambala, magetsi amafika pa pini nthawi yomweyo, ndipo mota ya stepper imafuna zimenezo: kugunda kumodzi, sitepe imodzi, pa nthawi yake yeniyeni.

Pa shopu ina yamatabwa kufupi ndi Makoni ku Chitungwiza, kompyuta yoyendetsa makina otere inapsa. Yolowa m'malo mwake inalibe poti, choncho anaiika kadi ya PCI. Pa sikirini ya Mach3, pulogalamu yoyendetsa makinawo, manambala a X ankathamanga bwinobwino, koma makina anali phee. Bambo amene anabwera kudzakonza, mdzukulu wa anthu ochokera ku Malawi, sanakhudze mota ngakhale imodzi. Anayamba ndi adiresi.

Poti iliyonse ili ndi adiresi yake m'kati mwa kompyuta. Yobadwa nayo bolodi imakhala pa 0x378, ndipo Mach3 imaganiza kuti ndi pomwepo. Kadi yoikirira imapatsidwa ina. Zili ngati kalata yomwe ikupitabe ku Unit L pamene mwini wake anasamukira ku Zengeza. Bambowa anatsegula Device Manager, nalowa pa Resources, nakopera nambala yoyamba pa I/O Range ndi pensulo pa chidutswa cha thabwa, kenako n'kuilemba mu Ports and Pins ya Mach3. Anaonanso ngati Windows yake ndi ya 32-bit, pakuti dalaivala wa poti wa Mach3 sagwira pa 64-bit. Zingwe zija zosandutsa USB kukhala parallel anazikana osaziyesa n'komwe: USB imatumiza uthenga m'timaphukusi, ndipo nthawi ya kugunda imasokonekera m'njira.

Makina anakhalabe chete, ndiye inatuluka mita yoyezera magetsi. Apa m'pamene manja awo anandigwira mtima. Anazula chingwe, nalowetsa kawaya kowonda m'bowo la 25, limodzi mwa mabowo a graundi omwe amayambira pa 18, ndi kena m'bowo la 3. Mapini 2 mpaka 9 ndi otulutsa uthenga, ndipo pa makinawa pini 2 inali ya masitepe a X pamene 3 inali youza mota koyang'ana.

"Iwe, dina muvi wakumanzere. Tsopano wakumanja."

Mnyamata wapashopupo anadina. Mita inachoka pa 0 n'kufika pa mavolti 3.3, n'kubwereranso. Anasankha pini 3 dala. Kugunda kwa pini 2 kumatha m'timagawo tochepetsetsa ta sekondi moti mita wamba sikuona bwino, pamene pini ya koyang'ana imaima nji mpaka utatembenuza. Kuyesa kumodziko kunatsimikiza kuti adiresi yalondola ndipo kadi ili moyo. Kunaonetsanso kuti kadiyo imatulutsa 3.3 m'malo mwa mavolti 5 a makompyuta akale, choncho anaonetsetsa kuti breakout board, kabolodi kokuza uthenga ndi kutchinjiriza kompyuta, kakulandira mavolti 5 akeake.

Chinatsala ndi chingwe. Chinali chatsopano, chachitali, chogulidwa kuti kompyuta ikhale patali ndi utuchi. Anaika mita pa belu n'kuyamba pini 1 uku ndi pini 1 uko, 2 ndi 2, osalumpha. Belu linalira pa zina, pa zina ayi, ndipo 2 inakalira pa 3. Mitu ya mapini 25 imafanana yonse, koma zingwe zina zinapangidwira ntchito ina, mawaya ake ndi ochepa komanso opingasa. CNC imafuna cholunjika, waya aliyense pa pini yake. Atabwezera chingwe chakale chachifupi, mota ya X inalira.

Mapini olandira uthenga ndi asanu okha: 10, 11, 12, 13 ndi 15. Batani lofiira loimitsira makina mwadzidzidzi linali pa 10, maswichi a kumalekezero pa otsalawo. Anatsegula tsamba la Diagnostics n'kumadina swichi iliyonse ndi chala uku akuyang'ana kanyali kake. Kamodzi kankayaka mozondoka, ndipo anakonza posintha Active Low, osadula waya.

Pomaliza anawerengera pa thabwa lomwe lija. Mota imazungulira kamodzi ndi masitepe 200, dalaivala wa mota amagawa sitepe iliyonse pa 8, zikhala 1,600. Sikuluwu imayenda mamilimita 5 ikazungulira kamodzi, ndiye masitepe 320 pa milimita. Mach3 pa 25 kHz imagunda ka 25,000 pa sekondi, kutanthauza mamilimita 78 pa sekondi, ndipo iwo anaika liwiro pansi pa malirewo kuti mota isaphonye sitepe. Analemba lamulo la G0 X100, loti X ipite pa mamilimita 100, nayeza ndi vernier, nabweza pa ziro, nayezanso. Atakhutira ndi X, anachita chimodzimodzi ndi Y, kenako Z.