Dzina Lidasintha, Bodza Likadalipo

Mu 2020 kampani ya Unilever idasintha dzina la mafuta a Fair & Lovely kukhala Glow & Lovely. Ambiri adayamikira, komatu chilonda sichidali m'dzina. Mafutawa adayamba kugulitsidwa ku India mu 1975, ndipo kwa zaka zambiri otsatsa ake ankabwereza nthano imodzi: mtsikana wakuda akumanidwa ntchito kapena banja, akadzola n'kuyera, mwayi ukumugwera. Mwamuna m'nthanoyi ndi woweruza, mkazi ndi katundu woyesedwa ndi maso. Ana athu aakazi amene akudziyeretsa khungu lero, ena ndi mafuta amitundu ina okhala ndi mercury wowononga impso, adameza bodza lomweli. Tisanawadzudzule, tidzifunse kuti kunyumba kwathu timatcha ndani wokongola iwo akumva.