Ulemu kwa Madalaivala a Malole

Fodya wa ku Mponela ndi Madisi sangafike yekha ku okushoni ku Kanengo. Soya ndi mtedza wa ku Ntchisi zikanaolera m'nkhokwe pakanapanda munthu wogwira chiwongolero cha lole. Madalaivala amenewa ngoyenera ulemu wathu.

Luso lawo limaonekera pamapiri. Potsetsereka ku Mvera pamsewu wa ku Salima, katswiri amayambira pamwamba kulowetsa giya yaing'ono, chifukwa mabuleki akatentha sagwiranso. Nyengo ya dzinja, m'misewu yamatope ya ku Ntchisi, amadziwa pofunika kuponda mafuta ndi pofunika kudekha. Asananyamuke amayendera matayala, nyali ndi zingwe zomangira katundu.

Wachinyamata wofuna ntchitoyi asankhe sukulu yovomerezeka ndi nthambi yoona zapamsewu, yokhala ndi lole yakeyake yophunzitsira, yomupatsa nthawi yokwanira pachiwongolero. Laisensi ya C kapena EC aipeze polemba mayeso, osati pogula. Kenaka ayende ndi mkulu wodziwa njira, aphunzire kubwerera m'mbuyo ndi ngolo komanso kuima akamva tulo.

Akadzafika ku Beira kapena ku Dar es Salaam, adzathokoza mapiri akwawo amene anamusula.