Agide ndi ana a m'zigafa za ku Lisasadzi

M'nyengo yosankha fodya tinali ku Lisasadzi, m'boma la Kasungu, kukazonda abale athu amene anachoka kunyanja kalekale kukagwira utenanti. Madzulo ena, kuseri kwa chigafa, tinamva ana akuimba "Linny Hoo" motsatira foni ya mkulu wawo. Titawafunsa mwini nyimboyo, onse anati ndi Namadingo. Mmodzi yekha ndiye anawonjezera kuti mulinso "agogo oseketsa aja".

Agogo amenewo ndi a Giddes Chalamanda, amene ambiri timangowatchula kuti Agide, obadwa mu 1930 ku Chiradzulu. Anayamba kukhwacha zingwe dziko lino likadali Nyasaland. Kanema amene anajambula ndi Patience Namadingo mu 2020 sitikumunyoza ayi. Namadingo anawapatsa ulemu mkuluyo, ndipo mawu awo okalamba aja anawasiya kuti amveke monga alili. Vuto linadza pamene kanemayo anafika pa TikTok n'kudulidwa kukhala kachidutswa. Mwana amaonapo nkhalamba yomwetulira, kenaka chala chapita kale pa kanema wina. Za zaka zonse zimene anaimba asanatchuke kunja samvapo kanthu.

Tikudziwa kuti m'makomo ena mwathu nkhani ya zoimbaimba njovuta, ndipo chigamulo chake tikuwasiyira masheikh. Koma nyimboyi inalowa kale m'makutu mwa ana athu osaodira. Kuikhalira chete ndiko kuvomera kuti foni yokha iwaphunzitse.

Chimene tikudandaula n'chakuti akulu akamatchula woimba kwa ana, kaya kunyumba kaya m'phunziro la Expressive Arts, kawirikawiri amathera pa dzina ndi boma lochokera. Pamenepo mwana watolapo chiyani? Tengani "Buffalo Soldier". Mutuwo ndi wa nyimbo ya Bob Marley wa ku Jamaica, koma Agide anaupinda kukhala dandaulo la munthu wosauka wolakalaka kukaona America. Anthu anaiimba ndi kuiseka zaka zambiri. Mu 2016, ali ndi zaka 86, anapitadi, ndipo anakaimba ku Library of Congress mu mzinda wa Washington. Mwana akamva zimenezi adzafuna kuona Jamaica pa mapu, ndipo adzazindikira kuti kubwereka nyimbo ndi kuiumbanso n'kosiyana ndi kungoitengera ngati chinkhwe.

Palinso mbali imene akulu amailambalala chifukwa siikoma. Pamene anthu mamiliyoni kunja ankavina "Linny Hoo", atolankhani anakawapeza Agide kumudzi kwawo alibe foni yamakono, TikTok yomweyo asakuidziwa. Bungwe la COSOMA lilipo kuti oimba azidyerera thukuta lawo, koma ndi ana angati anamvapo dzina lake? Mwana wa tenanti sasowa womumasulira nkhani yotere. Amaona bambo ake akufesa nazale, kuokera, kuthyola ndi kusoka fodya, koma mtengo wa belo ukakambidwa ku Chinkhoma iwo kulibe.

Usiku umenewo tinawafotokozera anawo zonsezi, mopunduka monga tinathera. Za ku Washington anazimvera mwaulemu chabe. Titafika pa za ndalama, mtsikana wina wa Sitandade 6 anasiya kusenda chimanga natifunsa kuti, "Ndiye ife tikamaonera pa foni ya achimwene, bandulo ikatha, ndalamayo amalandira ndani?"

Tinayang'anizana ndi bambo ake. Iwo anangoweramira ndindi za fodya zimene anali kumanga.