Buku la Chimbutane ndi mtima wa mwana wa m'kalasi yathu

Mu 2011 kampani ya Multilingual Matters ya ku Bristol idasindikiza buku la Feliciano Chimbutane, mphunzitsi wa pa Yunivesite ya Eduardo Mondlane, lotchedwa Rethinking Bilingual Education in Postcolonial Contexts. Bukuli lidachokera pa kafukufuku amene iye adachita m'sukulu ziwiri za kumudzi kummwera kwa Mozambique, ina yophunzitsa m'Chichangana ndi Chipwitikizi, inayo m'Chichopi ndi Chipwitikizi. Nkhani yake yaikulu ndi ziyankhulo ndi ndondomeko za maphunziro. Koma mphunzitsi amene aliwerenga ali ndi funso lakuti mwana amamva bwanji mumtima akakhala m'kalasi apezamo zambiri. Apezanso mipata imene ife a ku Tsangano ndi ku Macanga tiyenera kutseka tokha.

Tisaiwale kuti nkhani imeneyi ndi yathu kuyambira kale. Dziko litalandira ufulu mu 1975, Chipwitikizi chokha ndicho chidali chiyankhulo cha sukulu. Pamene boma lidayesa kuphunzitsa m'ziyankhulo ziwiri pa ntchito ya PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, lidasankha Gaza ndi Chichangana, ndiponso Tete ndi Chinyanja chathu chomwechi. Mu 2003 maphunzirowa adayamba kukhazikika m'sukulu za boma. Chimbutane adalowa m'makalasi zaka zoyambirira zimenezo, kukaona ndi maso zimene zinkachitika.

Chimene adaona, ndipo pamenepa ndi pamene bukuli lili lamphamvu, ndi chakuti ana omwewo ankakhala ngati anthu awiri osiyana. Pa phunziro la m'chiyankhulo chawo ankafunsa, ankafotokoza zimene amadziwa kuchokera kumunda ndi kunyumba, ndipo nthawi zina ankatsutsa mphunzitsi. Phunziro likasanduka la Chipwitikizi, ana omwewo ankangoyankha onse pamodzi, kubwereza mawu a mphunzitsi ndi kumaliza ziganizo zimene iye wayamba. Akatswiri amatcha mchitidwe umenewu safetalk, kutanthauza kuyankhulana kumene kumateteza mphunzitsi ndi ana kuti wina asachite manyazi, koma kuphunzira kulibe.

Aphunzitsi anzathu, chithunzi chimenechi timachidziwa. Kalasi yoyankha mokweza kuti "Sim!" imaoneka ngati yamva, pomwe m'kati mwake muli mwana amene akupemphera kuti chala cha mphunzitsi chisamuloze. Mwana wamantha chotero safunsa, sanena kuti mnzake wamulanda pensulo, ndiponso sauza munthu kuti dzulo adagona ndi njala. Bukuli likutithandiza kuona kuti kulimba mtima kwa mwana sikuyamba ndi phunziro lapadera la makhalidwe. Kumayamba pamene mwana waona kuti mawu amene amayankhula ndi amayi ake ndi ololedwa pamaso pa mphunzitsi.

Chachiwiri choyamikira ndi mmene bukuli likufotokozera za makolo. Kale kholo losadziwa Chipwitikizi linkaima patali ndi sukulu. Chimbutane akuonetsa kuti chiyankhulo cha kwawo chitalowa m'kalasi, makolo adasanduka anthu oti aphunzitsi ndi ana nkukafunsako mawu ndi miyambo. Kwathu kuno mwayi umenewu ndi waukulu, chifukwa makolo ndi agogo ena adaphunzira kuwerenga Chichewa ku Malawi pa nthawi ya nkhondo imene idatha mu 1992. Mwana akaona agogo ake akuwerenga kope lake, amadziwa kuti sukulu ndi kunyumba si adani.

Koma pali pamene bukuli likutisiya. Poyamba, limamvetsera kwambiri zimene ana akuyankhula zokhudza phunziro, ndipo silikhalitsa pa mwana amene wangoti duu ngakhale pa phunziro la chiyankhulo chake. Wowerenga wopupuluma angaganize kuti tikangophunzitsa m'Chinyanja ndiye kuti zonse zatheka. Ayi ndithu. Munthu angathe kunyoza mwana m'Chinyanja, ndipo chipongwe cha m'chiyankhulo chako chimalasa kuposa cha m'Chipwitikizi chifukwa umachimva chonse. Mphunzitsi amene wasiya chikwapu koma nkumatcha mwana kuti mbuli kapena chitsiru sadasinthe kanthu.

Chimene chikufunika ndi kugwiritsa ntchito chuma chimene chiyankhulo chathu chili nacho kale. Timati kupsa mtima, kuugwira mtima, kutaya mtima, kuwawidwa mtima, kukhazika mtima pansi. Timasiyanitsa manyazi ndi mantha, chisoni ndi nkhawa. Mwana wa kalasi 2 amamva mawu onsewa kunyumba, koma kawirikawiri palibe amene amamufunsa kuti iye akumva chiti. Ana awiri akamenyana pa nthawi yopuma, mphunzitsi asanagamule angafunse aliyense kuti, "Mtima wako udatani pamene mnzako adanena zimenezo?" Powerenga nthano, afunse mmene Fisi adamvera atapusitsidwa ndi Kalulu, osati dzina la wopusitsidwayo lokha. Zimenezi sizifuna buku latsopano kapena ndalama.

Mpata wachiwiri ndi wa malo. Mabanja a kummwera amene Chimbutane adakhala nawo amatsata mtundu wa bambo. M'mabanja ambiri a Achewa a kuno, mwini mbumba ndi atsibweni, ndipo ana amakulira pamudzi pa amayi awo. Tikaitana bambo yekha pa nkhani ya mwana amene wayamba kujomba, nthawi zina timakhala taitana munthu amene alibe mawu omaliza. Nazonso nyengo zathu nzina. Ku Macanga ana amasowa m'kalasi pa nthawi yothyola ndi kusoka fodya, ku Tsangano pa nthawi yokumba mbatata ya kachewere. Mwana wotere akabwerera amapeza anzake apita patsogolo, ndipo tikamulandira ndi mawu achipongwe pamaso pa kalasi, mawa sabweranso.

Palinso chinamwali ndi dambwe. Gule Wamkulu, amene UNESCO idamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndi sukulu ina imene imaphunzitsa ana athu ulemu ndi kudziletsa. Mnyamata wometa kapena mtsikana wolangidwa amabwerera m'kalasi akudziona ngati wamkulu, ndipo kumudzudzula ngati khanda kumamuchotsa ulemu. Komanso nthawi yomweyi ndi imene atsikana ena amakankhidwira ku banja. Lamulo la 19/2019 lidaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo mu 2018 boma lidachotsa lamulo la 2003 limene linkatumiza atsikana oyembekezera ku makalasi a usiku. Malamulo alipo, koma amene angakambirane ndi anamkungwi ndi mafumu m'chiyankhulo chimene onse amamva ndi mphunzitsi wa ziyankhulo ziwiri. Conselho de Escola ndiponso gawo la 20 pa 100 la nthawi limene lidapatulidwira currículo local ndi malo oyenera zokambirana zotere.

Chenjezo lalikulu la bukuli ndi la kalasi 4, pamene Chipwitikizi chinkayamba kukhala chiyankhulo chophunzitsira maphunziro ena. Chimbutane adapeza kuti ana ankafika pamenepo asanachidziwe mokwanira, mabuku ali osowa, ndipo sadagwirizane ndi maganizo oletsa mphunzitsi kugwiritsa ntchito chiyankhulo cha ana pa phunziro la Chipwitikizi. Pamenepa tikugwirizana naye kwathunthu, ndipo tikuwonjezera kuti vutoli limafikanso pa mtima. Mwana amene ankatsogola kalasi 3 nkupezeka kuti akulephera kutsegula pakamwa amaganiza kuti nzeru zake zatha. Tiyenera kumuuza poyera kuti nzeru zilipo, chimene akuphunzira tsopano ndi mawu atsopano, ndipo timulole ayambe kufotokoza m'Chinyanja asanayese m'Chipwitikizi.

Bukuli lidalembedwa m'Chingerezi cha akatswiri, choncho aphunzitsi ambiri amene likuwanena sangaliwerenge mosavuta. Chimenechi ndi chilema chenicheni pa buku lolimbikitsa ziyankhulo za anthu. Komabe mfundo zake nzoyenera kuzitengera ku misonkhano ya ZIP. Mphunzitsi aliyense angachite kafukufuku wakewake sabata imodzi: alembe mayina a ana amene sadayankhule paokha ngakhale kamodzi, pa phunziro la Chinyanja ndi la Chipwitikizi. Amene ali chete pa Chipwitikizi chokha akufuna thandizo la chiyankhulo. Amene ali chete konsekonse, kacheze nayeni payekha, ndipo mukaonane ndi a kwawo.