Za Kusintha Nthano za Ana

Abale, m'chaka cha 2010 mai wina wa Chisilamu, Fawzia Gilani, analemba mwatsopano nthano ya Cinderella, mwana wamasiye wozunzidwa ndi mkazi wa atate wache. Iye anachotsa zamatsenga: wothandiza mtsikanayo akhala agogo ache enieni, ndipo phwando likhala la Eid. Kapena ena adzati kutero nkuononga nthano. Ife sititero, pakuti Charles Perrault nayenso m'chaka cha 1697 anaikamo zache, monga dzungu losandulika gareta. Koma tichenjeze aphunzitsi athu: pokonza nthano musachepetse masautso a wamasiyeyo, mungaisandutse ulaliki wouma. Pakuti mwana akapanda kumlirira iye, sadzasunga mumtima kupirira kwache, kapena mapemphero ache.