A Lowapothina

Gundani ng'oma, a Mtima, gundani! Du-du, du-du! Tiwatchule mayina eni njira, maselo ofiira a m'magazi.

Inu a Lowapothina, obadwira m'mafuta a m'mafupa, m'nthiti, mumsana ndi m'chiuno, mamiliyoni awiri pa sekondi iliyonse. Inu a Siyakatundu: anzanu amasunga nyukiliyasi pakati ngati nkhokwe, inu munailavula musanatuluke pakhomo, kuti malo atsalire himogulobini, kuti pampata pasapezeke chokukolani. Inu a Chitumbuwa chotsinidwa pakati uku ndi uku, ochepa moti mutandandalika 125 mungodzaza milimita imodzi.

Du-du! Mwasenza mpweya kumapapo, mwafika kunsonga ya chala. Apa msewu watha, kwatsala kamtsempha ka mamaikolomita 5, inu muli 8. Wina akanabwerera. Inu mumangoti pinde! Mutu patsogolo, kumbuyo kulowa m'kati ngati chipewa, n'kumandondozana mmodzimmodzi monga amayi pamlatho wa mtengo umodzi. Khungu lanu limazungulira zam'kati mwanu ngati lamba wa chigayo, osang'ambika. Mukukhula khoma la mtsempha, mukutula mpweya pakhomo penipeni pa mnofu wanjala. Mukatulukira kuseri, tambasu! Mwabwerera mwakale. A Pindanipite, a Fewanidutse, ndani akuposani?

Ine ndinakudziwani tsiku limene munauma. Mwana ali pamsana, thupi moto, namwino n'kutsitsa chikope ndi chala, m'kati muli mbuu. Kachirombo ka malungo kanali katamanga nyumba mwa inu, kakudya himogulobini, kakukuumitsani, kakukumatani kumakoma a timitsempha. Ndipo alipo ana a sickle cell, amene mpweya ukachepa mumawapindikira ngati chikwakwa, n'kutseka njira, mwana n'kumalira mafupa usiku wonse, manja ndi mapazi zitatupa. Fewani, a Lowapothina, chonde fewani, ana agone.

Du-du, du-du! Masiku anu ndi 120. Mlonda wanu ndi kapamba, wa mipata yothina kuposa yonse. Wokalamba amene msana wauma sapyola, amatsalira pomwepo. A Mwalirankusiya, ayironi wanu amatoledwa n'kubwerera kumafupa kukaveka makanda, chikasu chanu chimatsikira kuchiwindi n'kukalowa mu ndulu. Makandawo ndi awo atuluka, ali pamzere kukamwa kwa kamtsempha. Gundani, a Mtima, apinde, alowe!